Chipepeso Kuseri kwa Nsalu ya Kanema

Jenereta ya aneba ikalira, fungo la petulo limandibwezera ku Lirangwe, nthawi ya Chitaganya, tsiku limene galimoto ya kanema inafika pasukulu pathu. Anatseka mazenera a kalasi yathu ndi ziguduli, namanga nsalu yoyera kutsogolo.

Kanemayo anali wa zithunzi zojambula pamanja. Kamwana ka mbuzi kanaona make akukokoloka ndi madzi, koma posakhalitsa nyama zinzake zinayamba kuimba ndi kuvina.

Potuluka, azakhali anga, amene ankandilera, anali atakwiya. "Maliro osagona ngakhale tsiku limodzi? Zoonetsa ana zimenezi?"

Amuna awo, amene ankagwira ntchito kubwalo la ndege ku Chileka, anaseka. "Inu mayi, n'zojambula chabe. Simunaone kuti kamwanako kanakula bwinobwino?"

"Kanakula, inde," anayankha azakhali, "koma anakapepesa ndani?"

Mawuwo anandilowa. Ndinabwerera m'kalasimo ndi mbatata yootcha imene ndinasunga m'thumba, n'kuzungulira kuseri kwa nsalu kuti ndikapereke chipepeso. Ndinangopeza khoma lozizira. Mbatatayo ndinaiika pansi pomwepo.

Azakhali atandipeza sanandikalipire. Anagwada pambali panga, maso ali kukhoma, nanena chapansipansi, "Pepa, mwanawe, pepa."

Mayi anga anali atamwalira dzinja la chaka chomwecho, ndipo tsiku la maliro ife ana anatitumiza kutsidya kuti tisaone kanthu. Ndinachita kumera imvi ndisanazindikire kuti azakhali sankapepesa mbuzi.