Mmene a Chikasu Anagonthera

Kufakitale ankawatchula a Chikasu, chifukwa manja awo anali achikasu ngakhale asambe ndi sopo wamtundu wanji. Analowa ntchito ali mnyamata, makutu ali akuthwa. Ntchito yawo inali kuthira ufa wa chikasu mu thanki yachitsulo n'kumanga chivundikiro ndi sipanala. Kenako pampu inkapanikiza mpweya wa kaboni mpaka usakhalenso mpweya kapena madzi, koma chinthu chapakatikati chimene chinkalowerera mu ufawo n'kutuluka ndi mafuta ake onse. Mafutawo ankagulitsidwa kwa opanga mankhwala.

Tsoka linali pophwetsa thanki. Mpweya potuluka unkakuwa ngati nkhumba imene ikuphedwa. Zotseka kumakutu zinalipo, zitakolekedwa pa msomali, koma akanavala ndani? Mpweya umenewu suoneka, sununkha, ndipo ukadzaza m'chipinda umagoneka munthu tulo tosadzuka. Belu lochenjeza linafa kalekale, bwana n'kumangoti mawa, mawa. Ndiye a m'chipindamo anali ndi lamulo lawolawo: khutu lizikhala pamtunda, ukamva kamluzu pa labala wa chivundikiro, tseka mpope uthawe. A Chikasu ankadziwa kuti makutu akutha, koma ankati bola kugontha kusiyana ndi kufa.

Akazi awo ankapsa mtima. "Inu bambo, ndakuitanani mpaka mawu kusasa! Makutuwo mumawasiya kuntchito?"

Iwo ankangoseka, poti nthawi zambiri sankamva n'komwe zimene zanenedwa.

Tsiku lina labala anang'ambika iwo ataima pambali penipeni pa thanki. Kamluzu sanakamve. Mnzawo wa pa chigayo chogayira chikasu ndi amene anawakokera panja ndi kolala, mpweya uja utayamba kale kuwagoneka.

Bwana anawaitanira mu ofesi n'kuwakuwira kukhutu: "Zotseka kumakutu tinakupatsani, simunkavala bwanji? Munthu wosamva sangakhale pa thanki!"

Anthu ena manyazi alibe. Belu lija analikonza sabata yomweyo, a Chikasu atachotsedwa kale ntchito.

Chinawatonthoza ndi mdzukulu. Mwana wawo wamkazi ankagulitsa zovala pamsika, ndipo anayamba kuwasiyira khanda lake m'mawa uliwonse. A Chikasu anaphunzira kusintha matewera n'kumadzitama kuti apeza bwana wabwino, wosakuwa.

Masana ena anagoneka mwanayo kuchipinda, iwo n'kukhala pakhonde kusoka nsapato. Anangoona mwana wawo wamkazi uja akudutsa chothamanga kulowa m'nyumba, aneba amene anamva kulira n'kukamuitana ali pambuyo. Anatuluka atanyamula khandalo, litagwa kuchokera pabedi, mphumi itatupa, pakamwa pali yasa, mawu atatha ndi kulira.

Mayi wa mwanayo sanakuwe. Anaima patsogolo pawo n'kulankhula pang'onopang'ono kuti aone milomo yake bwinobwino.

"Bambo, sindidzamusiyanso ndi inu."