Kiyi wa Mjigo Atamezedwa ndi Dambo

Amalume anga a Banda ndiwo amasunga kiyi wa mjigo wa m'mudzi mwathu ku Kakumbi. Chiyambire chilalachi, chaka chachitatu tsopano, mjigo umatsekulidwa kawiri basi: mmawa ndi sikisitini awazi, folo koloko madzulo. Kiyiyo amamuvala m'khosi, ndipo akamayenda naye mungaganize kuti ndi wa geti ya paki ya nyama zakutchire.

Lachitatu anamuvula kuti asambe. Ine ndinali pafupi. Inuyo mukanatani?

Ndinathamanga naye ku dambo la kuseri kwa minda, komwe makande ang'aluka ming'alu yolowa phazi. Pulani yanga inali yoyera: ndimuike m'kamwa mwa mng'alu, amalume avine pang'ono, kenako ine "ndimupeze", anditame.

Ndinamuika. Anatsetsereka. Ndinamva "ngwe", kenako "ngwe" wina patali, kenako zii.

Ndinapisa mkono mpaka m'phewa, osakhudza kanthu. Ndinalowetsa bango lalitali kuposa ine, lonse linalowa.

Pomwe sikisitini imakwana, zigubu zinali zitandanda pa mjigo mpaka kumsewu, amalume akutembenuza ngakhale mphasa kufuna kiyi. Amake Esinati, omwe ali ndi khanda ndipo kwawo kunalibe ndi dontho lomwe, anangondiyang'ana kamodzi.

"Iwe Yobe, fumbi lakudalo m'phewa walitenga kuti?"

"Ndimachita sayansi, amayi."

"Sayansi yakoyo ikapanda kutulutsa kiyi, lero ndikusambitsa mwana ndi misozi yako."

Ndinaulula. Tinapita tonse, amalume ndi piki, ine ndi khasu, azimayi m'mbuyo akundiimba mayina omwe nyuzi ino singasindikize.

Abale, tinakumba.

Dambo limeneli ndi lomwe ndili wamng'ono linandivula nsapato n'kuimeza, matope mpaka m'chiuno. Lachitatu piki inkadumpha ngati ikumenya simenti. Tinafika m'mawondo: fumbi. M'chiuno: fumbi. Nyongolotsi palibe, chiswe chomwe palibe. Tinapeza mlamba utauma gwa m'kabowo kake, udakadikira mvula ya chaka chijachi. Tinakumana ndi muzu wa tsanya waukulu ngati mkono wanga, ndipo ndinauthyola ndi zala ngati bisiketi.

Azimayi anasiya kutukwana. Amake Esinati kukhala chete! Chimenechi chokha chikuuzeni kukula kwa nkhani.

Amalume anatukula maso kutsata komwe muzuwo ukuchokera. Mitsanya ya m'mphepete inali chilili, mbuu. Tonse takhala tikunena kuti yangoyoyola masamba monga mwa nyengo yake, idzaphuka. Amalume anapita kukakanda khungwa ndi mpeni. Mkati munalibe chobiriwira.

"Iyi si yogona," anatero. "Yafa choimirira."

Ife kuno chilala timachiyeza pamwamba: chimanga chapserera, mtsinje wa Lupande wasanduka mchenga, njovu zasenda milambe kufuna madzi. Pansi ndani anayang'anako? Kusukulu timajambula magawo a nthaka ndi choko, koma palibe anatiuza kuti dzuwa limatha kutsika pansi chaka ndi chaka ngati munthu wotsika m'chitsime.

Kiyi tinamupeza dzenje litandifika pachifuwa, atakodwa m'mbali mwa mng'alu. Anali mbee, wopanda ndi kadontho ka dzimbiri.

Mjigo unatsekulidwa dzuwa litalowa, ndipo amalume anandilamula kupopera mzere wonse ndekha. Manja atuluka matuza, cholembera ndachigwira ngati nkhanu. Kupepesa ndiye ayi. Popanda ine, mudzi wonse ukanapitiriza kudikira kuti mitengo yakufa iphuke.

Koma ndikupopa paja ndinazindikira kanthu. Mjigo masiku ano umayamba walira nthawi yaitali, kukoka mphepo yokhayokha, madzi asanabwere.

Ndiye inu akuluakulu odziwa zinthu, tandiuzeni: ngati kuuma kwafika pachifuwa cha munthu m'zaka zitatu, kwatsala mtunda wotani kuti kufike pomwe paipi yathu imamwera?