Maliro a Mng'ono Wanga Amene Anafera Pakhonde la Chipatala

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Sindinagone kwenikweni, ndinangotsamira mtengo wa mango pafupi ndi moto wa amuna, jekete litanyowa ndi nkhungu. Inali nyengo yodulira tiyi, ndipo chiperoni chinali chitagwira masiku atatu. M'nyumba ya siwa amayi anali atasiya kuimba. Ankamveka munthu mmodzi yekha, mkazi wa mng'ono wanga, akulira motsitsa ndi mawu osasa.

Adzukulu ananyamula makasu kusanayere n'kulowera kumanda. Kuseri kwa nyumba amayi ankalimbana ndi nkhuni zonyowa. Kalongonda, nyemba zija zimene zimapha zikapanda kuphikidwa bwino, anali atawira usiku wonse, tsopano ankamutaya madzi n'kuthira ena. Utsi sunkakwera. Unkangoyenda pansi, kulowa m'maso mwa anthu.

Ndinene kaye m'mene imfayi inabwerera, chifukwa zonse za tsikulo zinachokera pamenepo.

Mudzi wathu uli pamalo a esiteti. Makolo athu atachokera kwa Apwitikizi anapatsidwa pokhala, koma nyumba iliyonse imagwira thangata. Mwamuna wa m'nyumbamo amapita ku tiyi ndi tiketi yake, kapitawo n'kumachonga tsiku lililonse kufikira itadzaza. Amene tiketi yake siidzaza amamugwetsera nyumba ndi kumuzulira mbewu. Mwamuna wa chemwali wanga anagona ndi chifuwa tiketi yake isanadzaze. Mng'ono wanga, amene anali atamaliza yake, anatenga tiketiyo n'kukagwira m'malo mwake. Ambiri amachita zimenezi. Akapitawo amadziwa, amangoyang'ana kumbali.

Tsiku lachinayi la ntchitoyo, mpeni wodulira tiyi unaterereka pa nthambi yonyowa n'kumulowa m'ntchafu. Anzake anayi anamumanga ndi luzi, anamuika pa machila a chiguduli, n'kuthamangira naye ku kachipatala ka esiteti. Anafika cha m'ma naini koloko.

Pamenepo pamakhala dresala mmodzi, amene anthu amamutcha adokotala. Lamulo lake n'lakuti munthu salandira chithandizo popanda chiti, kapepala ka kapitawo kolembedwa dzina la wodwalayo. Kapitawo anakana kulemba. Akanalemba dzina la mng'ono wanga, zikanaoneka kuti anagwiritsa ntchito munthu amene sanali wa gulu lake. Akanalemba dzina la pa tiketi, dresala ankamudziwa mwini dzinalo, popeza anamupatsa mankhwala a chifuwa sabata yomweyo. Motero munthu anagona pakhonde wopanda dzina.

Ine anadzanditenga kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndipo ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinamupeza atagona pa simenti, mutu uli pamiyendo ya mkazi wake. Magazi anali atadutsa chiguduli n'kutsikira pa sitepe. Dresalayo ndinaphunzira naye kumishoni, tinkakhala benchi limodzi. Ndinamupempha kuti atsegule kabati.

"Aphunzitsi, singano ndi ulusi zilimo, sindikana," anatero. "Koma bwana akafunsa kuti ndasoka yani, ndiyankha chiyani? Bweretsani chiti."

Ndinamuuza kuti alembe dzina langa. Anati ine sindine wa esiteti.

Ndinathamangira kumunda kwa kapitawo. Iye ananditumiza kwa kalaliki, kalaliki anati adikire bwana, ndipo bwana anali atapita ku Limbe ndi galimoto. Nditabwerera, mng'ono wanga anandiuza kuti miyendo yazizira, n'kupempha madzi. Anamwa pang'ono. Anamwalira isanakwane foro koloko. Apo dresala anatuluka ndi bulangete n'kumufunditsa kumutu. Zimenezo sizinafune chiti.

Kutacha tsiku la maliro, anthu anayamba kufika. A ku Khonjeni anabwera oyamba, nsalu zitanyowa mpaka m'mawondo chifukwa cha mame a m'njira. Kenaka a ku Kapichi, kenaka achibale a mkazi wake ochokera ku Thekerani, amene anayenda usiku. Iwowa sanandipatse moni bwino. Anakhala paokha pansi pa nthochi akulankhula Chilomwe motsitsa, ndipo ndikadutsa ankasiya.

Panafikanso anthu angapo a mpingo wa Sabata ochokera kumishoni kwawo. Mmodzi wa iwo, bambo wa imvi amene amagwira ntchito ya odwala kumeneko, anathandiza kusambitsa mtembo. Anayang'ana chilondacho nthawi yaitali. Potuluka anandiuza osandiyang'ana kuti chilonda chotere amasoka, munthu n'kuyendanso. Sindinamufunse kuti anene zimenezo. Amuna atatu amene tinali nawo anamva, ndipo mawuwo anazungulira bwalo lonse bokosi lisanakhomedwe.

Matabwa a bokosi anabwera ndi kapitawo yemwe uja. Anali a mabokosi a tiyi, zilembo zakuda zikuonekabe. Anabweretsanso nsalu yoyera, akuti chipepeso cha esiteti. Atapereka, anandikodola kuti tipite kuseri kwa nkhokwe.

"Aphunzitsi, ndamva kuti mbiri ya malemu mukamba ndinu kumanda."

"Ndine."

"Bwana anabwera dzulo. Ndawauza kuti munthuyu anadzicheka kumunda kwake, anzake n'kumubweretsa mochedwa. Tiketi ija ndaichonga yonse. Nyumba ya achemwali anu palibe aikhudze."

"Nanga ndikanena zimene ndinaona?"

"Kumandako kukhala alonda, kukhala akalaliki. Mawu anu akafika kuofesi inu musanasambe m'manja. Ine andichotsa, inde. Koma achemwali anuwo mvula ikawapeza panja."

Anatambasula dzanja. Sindinaligwire. Sanadandaule, anangolipukuta pa kabudula n'kubwerera pabwalo, kumene anamupatsa mpando.

Kwathu mbiri ya malemu siikambidwa mwachisawawa. Wachibale wamkulu amaima pamanda n'kufotokoza m'mene matenda anayambira, kumene anapita naye, ndi m'mene anamwalirira. Zimene wanena pamenepo ndizo zimakhala. Anthu amapita nazo kumidzi kwawo, ndipo ana a malemu akakula amauzidwa zomwezo. Amalume athu anamwalira kale, choncho udindowo unali wanga.

Chemwali wanga anandipeza ndikadali kuseri kwa nkhokweko. Anali atabereka mwana, wina atamugwira kudzanja. Ayenera kuti anamva zonse.

"Achimwene, wapita wapita," anatero. "Ine ndi anawa ndilowera kuti?"

Ndinalowa m'nyumba kuti tikatseke bokosi. Mkazi wa malemu anandigwira jekete mwamphamvu mpaka batani linathothoka.

"Alamu, munaona ndi maso anu. Mukanene."

Ndinachotsa dzanja lake pa jekete n'kupita kukatseka bokosi.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu, ngakhale dzuwalo silinkaoneka. Kamvula kankawaza. Njira ya kumanda imadutsa pakati pa minda ya tiyi, ndipo mbali imene anali atadulira kunali zitsa zokhazokha mpaka kuphiri. Esiteti sinapereke tchuthi. Magulu a anthu odulira anaima titayandikira, ena anavula zipewa, kenaka wezulo inalira n'kuweramanso. Amayi ankaimba nyimbo ya mpingo, koma inkaduka pokwera zitunda. Matope ofiira ankamata kumapazi, ndipo onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi.

Njira yomweyo imadutsa kutsogolo kwa kachipatala kaja. Ndinali nditapempha kuti tizungulire cha kumtsinje, koma adzukulu anati kwaterera. Sindikudziwa ngati kunatereradi.

Titafika pamenepo, onyamula bokosi anaima. Anati lalemera, malemu akukana kupitirira. Anali anayi aja amene anamunyamula pa machila. Nyimbo inazima. Chitseko cha chipatala chinali chotseka, zenera lotseka. Pakhonde anali atawazapo phulusa, koma pa sitepe banga linkaonekabe. Odwala asanu kapena asanu ndi mmodzi anakhala motsamira khoma, aliyense ndi chiti chake m'manja. Mayi wina anabisa chake m'nsalu.

Mmodzi wa onyamula anamenya bokosi ndi chikhato.

"Adokotala, tulukani. Wodwala wanu uja wabweranso. Lero ali ndi chiti, bwerani mudzawerenge."

Palibe anaseka. Mlongo wake wa namfedwa, mkazi wa malemu, anatola mwala, ena awiri anatolanso. Alonda a esiteti amene anali kumbuyo kwa gulu anayamba kusendera kutsogolo ndi zibonga zawo. Ndinamva munthu akusuntha benchi m'kati, kutsekera chitseko. Kunena zoona, ndinkafuna kuti mwalawo uponyedwe. Ndinkafuna ndimuone munthuyo akutuluka magazi, wina n'kumufunsa chiti. Koma ndinapita kukaima pakati pa bokosi ndi khonde, ndipo ndinawauza kuti tiyeni, manda adzaza madzi. Mkulu wa mpingo anayambitsa nyimbo ina. Bokosi linayenda. Mwala umodzi unagwa padenga la malata titapitirira kale.

Manda athu ndi kankhalango kakang'ono kamene kanatsala pamene azungu ankagwetsa mitengo. Tiyi wazungulira mbali zonse. Adzukulu anali akukapa madzi m'dzenje ndi chipanda. Mkulu wa mpingo anawerenga mawu n'kupemphera, kenaka anandiitana.

Ndinavula chipewa. Kumanja kwanga kunali kapitawo ndi kalaliki, manja kumbuyo. Kumanzere amayi anakhala pansi, chemwali wanga ndi namfedwa moyandikana, onse akundiyang'ana. Ndinanena kumene malemu anabadwira, mpingo umene anabatizidwa, ukwati wake, ana awiri amene wasiya. Ndinachedwa pa zimenezo kuposa m'mene zimafunikira. Kenaka ndinati anavulala ndi mpeni akugwira ntchito kumunda kwake, anzake anamutengera kuchipatala, ndipo anamwalira madzulo a tsiku lomwelo. Ndinathokoza onse amene anabwera. Ndinavala chipewa.

Mmodzi wa anayi aja analavula pansi pafupi ndi nsapato yanga. Wina wa ku Thekerani ananena mu Chilomwe, mokweza kuti ndimve, kuti sukulu imaphunzitsa munthu kumeza mawu osatsamwa. Bambo wa Sabata uja anatembenuka n'kuyamba ulendo wa kwawo dothi lisanathiridwe. Namfedwa sanalire pamene bokosi linkatsika. Amayi awiri anamugwira m'mapewa poganiza kuti adzigwetsa, koma anangoima chilili.

Kapitawo anathira dothi pamodzi ndi achibale. Pochoka anandiuza kuti ndalankhula ngati munthu wamkulu.

Ndalemba izi kuti zidziwike. Mng'ono wanga sanavulale kumunda kwake. Anavulala mu tiyi wa esiteti, pa tiketi ya mlamu wathu, ndipo sanafike naye mochedwa. Anagona pakhonde la chipatala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, singano ndi ulusi zili m'kabati pafupi ndi mutu wake. Dresalayo ndimakumana naye kutchalitchi. Sindimupatsa moni, ndipo sindidzamupatsa. Kapitawoyo anakwezedwa. Bwana amene anaika lamulolo sindikhulupirira kuti anamvapo dzina la mng'ono wanga.

Titabwerera kumudzi tinasamba m'manja ndi m'mapazi panjira, monga mwa mwambo. Anthu anadya mofulumira. Kalongonda wambiri anatsala. Kawirikawiri anthu amabwera mmodzimmodzi kudzatsanzikana ndi mwini maliro. Kwa ine anabwera ochepa, ndipo ochepawo anangogwira chanza n'kumapita. A ku Thekerani anauza mkulu wa mpingo, osati ine, kuti akamaliza kumeta adzatenga mwana wawo ndi ana ake. Mwamuna wa chemwali wanga sanatuluke tsiku lonse. Ndinkangomva chifuwa chake kudzera pakhoma.

Pofika madzulo bwalo linali lopanda munthu. Panatsala mafuwa, phulusa lonyowa ndi masamba a nthochi amene anthu anakhalira. Chemwali wanga anasesa pakhomo pake, anatsekera nkhuku, anabweretsa madzi otentha n'kundiikira pakhonde. Anagwada pang'ono n'kubwerera.

Ndinalowa m'nyumba ya siwa kuti ndikatsanzike. Amayi awiri achikulire anali atagona chafufumimba pakona, ana ali pakati pawo. Namfedwa anakhala pamphasa, msana kukhoma, miyendo yotambasula. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Anawa akadzandifunsa, ndidzawauza kuti akafunse inu," anatero. "Ndinu mukudziwa munda umene bambo wawo anafera."

Ndinadikira kuti mwina apitiriza. Anatembenukira kukhoma n'kufunda nsalu kumutu. Kunja kamvula kanali katasiya, madzi ankangodontha kuchokera ku udzu wa denga. Ndinakhalabe pachitsekopo kufikira mdima unadzaza m'nyumba, ndipo palibe amene anayatsa nyali.