Kapitawo Wokulungidwa M'nyuzipepala

Tsiku limene anamuuza kuti sadziwa kuphunzitsa, Nazitsulo anakalirira m'kachipinda kosungiramo matsache, chifukwa pasukulupo panalibe malo ena oti munthu wamkulu n'kulira osaonedwa ndi ana. M'manja anali atafumbata pepala la mayi woyesa wochokera kukoleji. Pansi pake panali mawu ochepa a inki yofiira: walephera, abwereze kamodzi kokha.

Inu amene muli ndi pepala lanu lofiira m'thumba, takhalani pansi ndikuuzeni za mayi ameneyu.

Dzina loti Nazitsulo sanachite kulipempha. Anamupatsa ndi anzake akusukulu ali mwana, chifukwa bambo ake ankagwira ntchito pabwalo logula zitsulo zakale, pamene pamathera malata odooka, njinga zothyoka ndi mapoto obooka. Mayi ake atamwalira, iye anayamba kupita kubwaloko akaweruka. Kenako anangosiyiratu sukulu n'kumathandiza bambo akewo kusankha zitsulo. Zaka zisanu ndi zinayi anazithera pamenepo, ndipo malata anamulemba zipsera m'manja monse mpaka m'zigongono.

Anabwerera kumabuku ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Ankawerenga pa nthawi yopuma masana, atakhala m'chigoba cha basi yakale yopanda mateyala, anzake akumuseka kuti basi imeneyo sikamufikitsa kulikonse. Mayeso a sayansi anamugwetsa kawiri. Kachitatu anawagwetsa ndi iye, ndipo anapeza malo kukoleji ya aphunzitsi. Tsopano anali pamapeto penipeni, anamutumiza kusukulu ina kuti akaphunzitse ana a zaka khumi ndi ziwiri, akuluakulu akumuyang'anira.

Koma mayi ameneyu anali ndi matenda amodzi, ndipo ndikuwadziwa chifukwa ambirife tili nawo. Ankachita manyazi ndi kumene anachokera. Anzake akukoleji akamufunsa za bambo ake, ankati amachita bizinesi ya zipangizo. Ankavala malaya a manja aatali ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo akaima kutsogolo kwa kalasi ankabisa manja kumbuyo ngati waba choko.

Mutu wa phunziro limene analepheralo unali wa mphamvu zokhudza ndi mphamvu zosakhudza. Poopa kulakwitsa, anakopera matanthauzo onse a m'buku mpaka bolodi kudzaza, kenako n'kumawerenga mokweza ndi mawu olengezera maliro. Ana anayasamula. Wina kumbuyo anagona mpaka kuchucha dovu pakope.

Mayi woyesa anali munthu wa magalasi okhuthala amene sankawononga mawu. "Mwalankhula mphindi makumi anayi," anatero, "koma palibe mwana amene waona mphamvu ngakhale imodzi. Ndibweranso Lachinayi sabata yamawa, mutu womwewu. Mukalepheranso, koleji ikuchotsani."

Atatha kulira, Nazitsulo anasamba kumaso pampopi n'kubwerera m'kalasi. Munthu amene sayansi inamugwetsa kawiri amadziwa mmene amadzukira.

Sabata yonseyo sanapume. Anapempha kukhala kumbuyo kwa makalasi a aphunzitsi ena kuti aone mmene amagwirira mitima ya ana. Ana akaweruka, iye ankatsala n'kumaphunzitsa madesiki opanda anthu mpaka mawu kusasa. Anapeza katoni yodzaza mabuku akale yoti ana adzakankhe ndi kukoka. Pa mphamvu zosakhudza, anawerenga kuti ukakhula chipeso cha pulasitiki m'tsitsi louma, chimanyamula tizidutswa ta pepala chisanatikhudze. Anagula chipeso chatsopano chofiira. Masiku onsewo kunali kotentha kouma, ndipo nthawi iliyonse akayesa, timapepala tinkadumpha ngati tauzidwa. Mtima wake unakhala m'malo.

Lachitatu madzulo anadutsira kubwalo kukaona bambo ake. Anawapeza atawerama pamulu wa zitsulo, akugwedeza pang'onopang'ono chida chawo cha masiku onse. Anali maginito ozungulira, aakulu ngati chikhatho, amene anawachotsa m'sipika ya wailesi yakufa n'kuwamangirira pachingwe. Misomali ndi mawaya zinkalumpha n'kukakamira, za mkuwa ndi za aluminiyamu n'kutsala pansi. Bambowo ankawatchula maginitowo kuti kapitawo.

"Ine wilibala sindingaisunthe osaigwira," ankakonda kutero. "Koma mnzangayu amangoima patali, zitsulo n'kumathamangira zokha. Kapitawo weniweni, sadetsa manja."

Anakhala pateyala, mwana wawo n'kuwafotokozera za mayeso a mawa. Bambowo anamvetsera atapendeketsa mutu, kenako nkhope yawo inawala.

"Zogwira ndi zosagwira? Mwanawe, imeneyo ndiye ntchito yathu yomwe ino. Umutenge kapitawo akakuthandize."

"Bambo, kumeneko ndi kusukulu. Si kudzala."

Mawuwo anatuluka asanawayeze. Bambo ake anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso, n'kuyamba kupukuta manja pathalauza ngakhale panalibe choti apukute. Nazitsulo anamva chisoni nthawi yomweyo, koma pakamwa panakana kupepesa. Anapita kukasamba m'manja pamgolo wamadzi, ndipo pochoka bambowo anamunyamulira chikwama mpaka pageti monga ankachitira nthawi zonse.

Lachinayi kunacha ndi mvula. Inagwa kuyambira mbandakucha, makoma a kalasi anatuluka thukuta, ana analowa atanyowa ndipo chipinda chonse chinkanunkha majuzi achinyezi. Mayi woyesa anakhala pakona ndi cholembera chawo chofiira chija.

Chiyambi chinayenda bwino. Ana awiri anakankha katoni, wina anaikoka ndi chingwe. Anaikhwekhwereza pasimenti yokhakhala, kenako pamalo osalala, ndipo anaona okha kuti pokhakhala pamagwira katoni kuti isayende msanga. "Zonsezi zatheka chifukwa china chakhudza chinzake," anatero Nazitsulo. "Dzanja lakhudza katoni, katoni yakhudza pansi. Tsopano muona mphamvu yogwira ntchito ili patali."

Anamwaza timapepala patebulo. Anatulutsa chipeso chofiira, anachikhula m'tsitsi, n'kuchiyandikiza.

Timapepala tinangokhala phee.

Anakhulanso mwamphamvu. Palibe chinachitika. Kachitatu anakhula mpaka khungu la m'mutu kuwawa, koma timapepala tija tinangogona ngati tamwa mankhwala. Chimene Nazitsulo sanachidziwe n'chakuti mphamvu ya chipeso imathawa kukakhala chinyezi. Iye anali atayeserera masiku adzuwa okhaokha. Kumbuyo kunayamba kuseka kobisa m'manja, ndipo pakona paja cholembera chofiira chinayamba kuyenda.

M'maganizo anaona basi yopanda mateyala ija ikumudikira. Anapisa dzanja m'chikwama kuti mwina apeze rula yapulasitiki ayesere, koma zala zake zinagunda chinthu cholemera chimene sanachiikemo. Anachitulutsa asanaganize. Chinali chokulungidwa m'nyuzipepala yakale, ndipo kunja kwake kunali kutakakamira mapini ake onse atsitsi ndi kasizasi. M'mbali munkalendewera chingwe chakuda ndi mafuta, chokhala ndi mfundo ya bambo ake imene akanaizindikira ngakhale atatsinzina.

Kalasi yonse inaphulika ndi phwete.

"Madamu, n'chiyani chimenecho?" anafunsa mtsikana wina wapatsogolo.

Apa ndi pamene panali mayeso enieni, osati a koleji aja. Akanatha kuchibwezera m'chikwama n'kunena kuti si kanthu. Anayang'ana mfundoyo. Anaganiza za munthu amene iye anamunyoza dzulo lake, amene m'malo mokwiya anafunafuna nyuzipepala yoyera kuti mafuta asadetse mabuku a mwana wake. Kenako anapinda manja a malaya ake mpaka m'zigongono, koyamba chibwerereni pasukulupo.

"Ameneyu ndi kapitawo," anatero. "Chipeso chatikana chifukwa mpweya wanyowa, tidzachiyesanso tsiku ladzuwa. Koma kapitawo saopa mvula. Aliyense abweretse patebulo pano kanthu kamene ali nako m'thumba."

Ana anathamanga. Panabwera mapini, kampasi yojambulira, msomali wopindika, labala, kachidutswa ka waya wamkuwa, chitini chopanda kanthu cha chakumwa. Nazitsulo anagwira chingwe n'kutsitsa maginito pang'onopang'ono, mmene dzanja lake linachitira kwa zaka zisanu ndi zinayi. Kutatsala mpata wokwana chala, msomali unanjenjemera, n'kulumpha, n'kukakamira.

"Ndaukhudza?"

"Ayi, madamu!"

"Nanga waukoka ndani?"

Anaika kope pakati, pini inakakamirabe kunsi kwa kopelo, ndipo akasuntha maginito pamwamba iyo inkatsatira. Amene anagona sabata yatha uja anali ataimirira pabenchi kuti aone bwino.

Mtsikana wapatsogolo uja anakankhira chitini chake pafupi. Chitini sichinasunthe. "Madamu, changa wachikana. Si chitsulo ichi?"

Funso limenelo m'buku lawo munalibe, koma Nazitsulo sanafune buku. "Chimenecho ndi aluminiyamu. Kapitawo amasankha. Chitsulo chimene chimachita dzimbiri amachikoka, koma aluminiyamu ndi mkuwa sazilabadira. Tsopano tanyamula chitini chakocho m'mwamba, uchisiye."

Chitini chinagwa pansi n'kulira.

"Wachikankhira pansi ndani? Palibe. Dziko lachikoka lisanachikhudze. Ameneyo ndiye kapitawo wamkulu, ndipo iye sasankha. Amakoka chitini, amakoka labala, amakoka mvula ili panjayi, amakoka iwe waima pabenchiwe ukapanda kutsika msanga."

Ana anaseka, ndipo ulendo uno ankaseka naye. Pomaliza anagawa bolodi pakati, ana okha n'kumatchula zolemba. Mbali ina analemba kukankha, kukoka ndi kukhulana. Mbali inayo analemba maginito, kukoka kwa dziko ndi chipeso chokana mvula.

"Madamu, zonsezi munazidziwa bwanji?" wina anafunsa belu litatsala pang'ono kulira.

Nazitsulo anatambasula manja ake onse awiri kuti awaone. "Ndinakulira pabwalo la zitsulo zakale. Bambo anga akadali komweko, ndipo maginito amenewa ndi awo. Iwo ndi amene anandiphunzitsa phunziro la leroli ndisanadziwe kuti lili ndi dzina."

Palibe mwana amene anaseka.

Ana atatuluka, mayi woyesa anabwera patebulo. Anatenga chingwe chija, anatsitsa maginito pamsomali, msomali n'kulumpha. Anachitanso kachiwiri, ndipo pakamwa pawo panaoneka kanthu kofanana ndi kumwetulira.

"Chipeso muzichiyesa nyengo zonse musanabwere nacho m'kalasi, zimenezo ndalemba," anatero. "Koma sabata yatha munanditumizira buku. Lero mwabwera nokha. Mwakhoza, aphunzitsi."

Mvula inali isanakate pamene Nazitsulo anafika kubwalo. Anapeza bambo ake pansi pa shedi, akusankha zitsulo ndi maso ndi zala, chimodzichimodzi, ntchito imene kapitawo akanaimaliza m'mawa womwewo. Anagwada pafupi nawo pamatope pomwepo, osasamala siketi.

"Bambo, ndinalankhula zachipongwe dzulo. Mundikhululukire."

"Kapitawo wagwira ntchito?"

"Wagwira. Ndakhoza. Ndipo ana ndawauza kuti ndi wanu."

Bambowo anayang'ana kumbali kwa nthawi ndithu, akuti dzimbiri lawagwera m'maso. Mwana wawo atawapatsa maginito aja, iwo anakankhira dzanja lake kwa iye mwini.

"Ameneyu wakwezedwa pantchito, ndi wakusukulu tsopano. Ine ndipeza sipika ina."

Mpaka lero maginito amenewo amalendewera pamsomali pafupi ndi bolodi m'kalasi mwake, ndi chingwe chomwecho ndi mfundo yomweyo. Chaka chilichonse ana atsopano amafunsa kuti n'chiyani, ndipo iye amapinda manja a malaya asanayankhe.

Tsono inu amene mwagwa kawiri, amene chipeso chanu chakana pamaso pa anthu, imvani. Zaka zimene mukuziyesa zotayika zija zinakuphunzitsani kanthu, ndipo mwina mwakanyamula m'chikwama osadziwa. Musachite manyazi ndi zipsera zanu, kapena ndi munthu wa manja akuda amene anakunyamulirani katundu mpaka pageti. Sambani kumaso, mubwerere m'kalasi. Mtima wanuwo musautaye, ntchito yake ikadalipo.