Manda a Telala wa Mbendera

A Augustine Chikakuda anakalambira m'chipinda chochapira zovala cha nyumba ina yosungira nkhalamba ku Dudley, pafupi ndi Birmingham ku Mangalande. Ntchito yawo inali yosokerera mayina. Nkhalamba ikangofika, ankatenga zovala zake zonse, ndi masokosi omwe, n'kusokerera kansalu ka dzina kuti zisasokonekere kochapa. Mwini wake akamwalira, ankatenga kalumo n'kusomola mayinawo. Azungu ankayamikira ukhondo wa msoko wawo, osadziwa kuti manja omwewo anasokapo mbendera za dziko.

Si kukokomeza ayi. Mu 1964, Nyasaland atatsala pang'ono kuchoka m'manja mwa Mfumukazi ya ku Mangalande, a Chikakuda anali ndi makina awo pakhonde la sitolo ku Limbe. Ndende anali atailawa kale mu 1959 chifukwa cha khadi la chipani, ndiye ntchito ya mbendera zatsopano itabwera, anzawo anati mwini wake ndi yemweyu. Anapalasa makina masabata asanu mpaka mapazi kutupa. Dzuwa lofiira lija linkavuta kwambiri, koma iwo ankalisoka akuimba. Mwezi womwewo akazi awo, a Kate, anachira mwana wamkazi, Lena, ndipo kadiresi kake koyamba kanachokera ku zidutswa zotsala za mbendera.

Ufulu unafikadi. Koma mvula isanagwe akuluakulu a boma latsopanolo anayambana, ndipo telala amene anasokerapo suti nduna ina yogalukira anangomva kuti nayenso ndi chigawenga. Anathawa ndi malaya a pathupi, kudzera ku Zambia, mpaka a mpingo anawapezera malo ku Birmingham. Taonani zake za dziko: munthu anamangidwapo pokana Mfumukazi, n'kudzabisala m'khonde mwa Mfumukazi yomweyo.

Zaka makumi atatu sanalembe kalata ngakhale imodzi. Masiku amenewo envulopu ya chigawenga inkatha kutengetsa banja lonse, choncho anakhala duu, ndipo kukhala duu kumeneko ankakutcha chikondi. Sanakwatirenso. Chomwe ankafuna chinali chimodzi, kuti Lena adzawaone ndi maso n'kuwaitana kuti bambo.

Boma litasintha mu 1994, Amalawi a ku Birmingham anayamba kusonkhana poyera pa 6 July muholo ya tchalitchi ku Bordesley Green, ndipo mbendera ya pakhoma anasoka ndi iwo. Kumeneko anadziwana ndi Thandi, mtsikana wa ku Thyolo kwawo komweko, amene anaphunzira za mankhwala ku Edgbaston n'kupeza ntchito m'chipatala. Chaka chotsatira Thandi akupita kutchuthi kumudzi, anamupatsira kalata ndi diresi yobiriwira. Muyeso wa Lena sankaudziwa, anangodula poyerekeza ndi thupi la a Kate monga ankalikumbukira. M'khosi mwake, mwa chizolowezi cha ntchito, anasokereramo dzina: Lena Chikakuda.

Thandi anabwerera mu Seputembala. Anakwera basi mpaka ku Dudley, n'kuwapeza nthawi ya nkhomaliro makina ochapira akulira. Anakhala pampando jumbo ili pamiyendo, osaitsegula.

"Ankolo, letter ija ndinakapereka. Lena ali bwino, ali ndi ana four."

"Nanga mayi ake?"

"Anatisiya mu '89." Thandi anayang'ana pansi. "Koma pali issue ina. Kumudzi kuli manda anu."

A Chikakuda anaika singano patebulo, ndipo Thandi anafotokoza monga anamvera kwa mayi wina wachikulire wa pamudzipo. Iwo atathawa, anyamata a chipani ankabwera mwezi ndi mwezi kudzafunsa kumene abisala. Anamenya a Kate, anatentha nkhokwe. Pomaliza akuluakulu a banja anapangana mobisa n'kulengeza kuti Augustine anamira mu Shire pothawa. Mwambo umati mtembo ukasowa maliro sasiyidwa panjira, ndiye anadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'mphasa, kuliika m'manda, anthu n'kumeta. Kumenyedwa kunathera pomwepo. Chaka chitatha, mng'ono wawo Henry, yemwe sanauzidwe chinsinsi, analowa chokolo n'kulera Lena ngati wake.

"A Henry alipo, koma ndi a stroke, sayenda," anatero Thandi. "Kuti inu mulowe m'mudzi, akuti manda aja afukulidwe kaye, anthu onse aone kuti munali nthochi. Lena wakana. Akuti a Henry akamva kuti anakhala pabanja la mkulu wawo ali moyo, sagona masiku awiri."

"Lenayo mawu ake enieni anati chiyani?"

Thandi anazengereza, koma anawanena. "Anati, 'Bambo ondibereka ali apo, ndimawalambulira chaka ndi chaka. Bambo ondilera ali m'nyumbamu, ndimawasambitsa. Wachitatuyo ndimuika pati?'"

Zinawapweteka koopsa, ndipo choipitsitsa n'chakuti sanapeze womukwiyira. Amene anawaika m'manda anachita zimenezo populumutsa mwana wawo. Mwanayo anali kukana poteteza munthu amene anamudyetsa. Ngakhale dziko lenilenilo akanalitukwana bwanji, mbendera yake atasoka okha?

"Mandawo ndi osamalika?" anafunsa.

"Ndi a simenti, ankolo. Pali dzina lanu, ndi 1965."

"Wachita bwino mwanayo."

Apo Thandi anawapatsa jumbo ija. Munali diresi, yopindidwa monga anaipindira iwo. Lena anaisisita, akuti, n'kuyamikira msoko wake, koma anati mphatso yochokera kumanda savala.

Thandi atapita, a Chikakuda anayala diresiyo patebulo pamene panali kale mulu wa zovala za nkhalamba ina imene inamwalira Lachiwiri. Anamaliza za nkhalambayo kaye, poti ntchito ndi ntchito. Kenako anatembenuza khosi la diresi, natenga kalumo kawo, n'kuyamba kusomola dzina lija ulusi umodziumodzi, mosamala kuti nsalu isaboke.