Munthu amene amafuna matumba opanda kanthu

Lachiwiri lapitali kusukulu kwathu kunabwera mlendo wodzatiuza za ntchito yake. Aphunzitsi amaitana munthu wotere kamodzi pa teremu chifukwa cha ife a Giredi 11, ndipo nthawi zambiri amakhala namwino kapena wapolisi. Ulendo uno kunabwera mayi wina wamfupi, a Sakala, atanyamula matumba awiri a mbewu ya chimanga.

Anatiuza kuti anaphunzira zamalamulo ku yunivesite, kenako anawonjezera maphunziro a momwe anthu achinyengo amabera mayina ndi zizindikiro za makampani. Tsopano ali pakampani ina ya mbewu, ndipo ntchito yawo ndi kuteteza dzina la kampaniyo.

Kalasi yonse inaseka, ine ndemwe. Mnzanga wina wokhala kumbuyo anafunsa kuti, "Dzina nalo lifuna mlonda? Ba madamu, mumagona pa geti?"

A Sakala sanakwiye. Anaika matumba aja patebulo n'kunena kuti tisankhe lenileni. Tinayang'ana, tinagwira, ena mpaka kununkhiza. Dzina linali lomwelo, chithunzi cha chimanga chomwecho.

"Matumba onse awiri ni athu," anatero. "Koma mu ili muli chimanga cha mu nkhokwe, anangochipaka utoto. Thumba anatenga kwa mlimi, anadzaza, anasoka."

Kuseka kwanga kunathera pomwepo, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Kwathu ku Bundabunda thumba la mbewu sitiling'amba. Amayi amamasula ulusi pang'onopang'ono ndi chipini, kuti thumbalo lidzasunge mtedza kapena nyemba. Mwana akalidula ndi mpeni amakalipiridwa tsiku lonse. Nkhani ndi yakuti masiku angapo m'mbuyomo kunadutsa bambo wina pa njinga yamoto, akuti akufuna matumba a mbewu olongedzamo makala. Amafuna osang'ambika okha, a zilembo zooneka bwino, ndipo anati asinthanitsa ndi mabeseni. Amayi anali atapukuta kale athu n'kuwapinda, kudikira Loweruka, tsiku limene anati adzabwera kudzawatenga.

Ndinakumbukiranso amayi aang'ono. Chaka chatha anabzala munda wonse ndi mbewu yogula pamsika, m'thumba lokongola. Inamera apa ndi apo ngati mutu wa zipere. Ena anati anachedwa kubzala, ena anati pali wina anawapondera m'munda. Palibe amene anafunsa za thumba. Mpaka lero ana awo amadya kwathu.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi akusankha nyemba.

"Amai, matumba aja musamupatse uja munthu."

"Chifukwa? Beseni lathu linabooka. Iwe uzasamba mu chani?"

"Azaikamo chimanga chopenta, agulitse monga mbewu."

"Wakuuza nindani?"

"Ba Sakala, amene anabwera ku sukulu. Ndiye nchito yao."

"Nchito yolonda matumba? Munthu apite mpaka ku yunivesite kuti azilonda matumba? Iwe Misozi, ukaphunzire unesi, usiye vamene ivo."

Amayi sindikuwaimba mlandu. Ifenso tinaseka m'kalasi. Koma zikundipweteka mutu kuti ntchito timailemekeza ikakhala ndi yunifomu basi.

Pakhoma la kalasi yathu pali chipepala cha ntchito zosiyanasiyana. Pali dokotala, mphunzitsi, woyendetsa ndege. Woyendetsa ndege! Ndani ku Bundabunda anakwerapo ndege? Koma tonse timabzala chimanga, tonse timagula mafuta ophikira, tonse timamwa mankhwala a mutu ogula pa kantemba. Zikakhala zabodza timangoti ndinagula zoipa, nkhani yatha.

A Sakala anati pali anthu ambiri amene moyo wawo wonse ndi kulimbana ndi zimenezi. Ena amaphunzitsa ku yunivesite n'kumafufuza njira zoika chizindikiro chovuta kukopera, monga nambala ija ya pathumba yokanda n'kutumiza pafoni. Ena amayeza mbewu ndi mankhwala kuti aone ngati n'zenizeni. Ena amayenda m'misika, ena amakaima kukhoti. N'chifukwa chiyani ndafika Giredi 11 osamvapo za anthu amenewa?

Mnzanga uja anati onsewo amangoteteza thumba la olemera. Mbali ina akunena zoona, kampani siichita zimenezi chifukwa chotikonda. Koma amayi aang'ono sangathe kuona m'kati mwa njere kuti imera kapena ayi. Chimene angaone ndi dzina lili pathumba. Dzinalo likayamba kunama, mlimi atsala ndi chiyani? Wolemera amataya kasitomala. Ife timataya chaka.

Lachinayi ndinapempha aphunzitsi kuti awonjezere ntchito ya a Sakala pachipepala chija. Anati malo anatha. Ndinailemba ndekha ndi pensulo pansi pa woyendetsa ndege, ndipo ndikufuna kudzaiphunzira.

Loweruka bambo uja anabweradi, mabeseni atawamangirira kumbuyo. Ine sindinkadziwa kuti amayi aganiza zotani za matumba aja. Amayi anatuluka ndi matumba onse, koma m'dzanja lina munali mpeni. Anatenga thumba limodzi, n'kudula mozungulira pamene panali dzina. Amayi anga, amene sanang'ambepo thumba chibadwire changa.

"Ili, tengani," anatero.

"Ah, amai, mwaononga. Lilibe dzina sinitenga."

"Si munakamba kuti ni ya malasha? Kansi malasha awerenga?"

Bamboyo anaseka pang'ono, koma maso ake sanaseke. Anati ali ndi ulendo wautali, n'kuliza njinga yake. Amayi anamuyang'ana mpaka anakhota, kenako anandiyang'ana ine.

"Beseni lapita," anatero. "Uzasamba mu poto." Atatero anatenga thumba lachiwiri n'kuyamba kulidula.

Ndinasangalala, sindikana. Koma pamene njinga imatembenuka ndinaona mtolo waukulu wa matumba opindidwa bwino, womangidwa ndi mphira pansi pa mabeseni. Anawatenga m'makomo ena a m'mudzi mwathu, kwa amayi osamala ngati anga, amene anamasula ulusi modekha ndi chipini.

Mitambo yayamba kale kusonkhana. Masabata ochepa akubwerawa tonse tikhala pamsika, kufunafuna mbewu yotsika mtengo. Inu amene munalandira beseni, thumba lanu likadzabwera lodzaza, losokedwa bwino, dzina likuwala, mudzalizindikira?