Mmene Adadi Analowera M'malo mwa a Jafali

Ndikukumbukira chaka chomwe adadi anasanduka mdani wa Amalawi onse a mu Alex, ku Joni kuno, ndi makanda omwe. Ndinali giredi faifi. Mlandu wawo unali umodzi: anavomera kugwira maiki.

Tinali ndi bandi yathu ya Amalawi yoyimba m'maukwati. Yotchuka koopsa, kuyambira ku Alex mpaka ku Alex komweko, ndi ku Midrand pang'ono. Woyimba wake anali a Jafali a ku Machinga, mawu ngati takisi yothyoka ekizozi. Mapepala awo atavuta, anakwera basi ya kumudzi. Ndiye a bandi anabwera kukachipinda kathu kudzanyengerera adadi, poti kukwaya ya kutchalitchi ankaliritsa azimayi.

Ukwati woyamba adadi anayimba bwino, sindikunama. Holo ikununkhira nkhuku yokazinga ndi perefyumu wa pa kagolosale ka spaza, koma anthu anangoima ngati ali pamzere wa kuchipatala. Mawa lake a Yusufu ometa tsitsi, omwe anadzisankha okha kukhala mtolankhani wa pagulupu ya pafoni, analemba kuti: "Watsopano uja mawu ali nawo, koma mzimu mulibe." Eish. Anthu omwewo amene ankati a Jafali amayimba ngati atsamwa fupa anayamba kuwalira ngati amwalira.

Mkulu wa bandi anati ukwati wachiwiri zikakanikanso asaka wina. Adadi anasiya kudya. Chabwino, ankadya, koma mwachisoni.

Amami ndi amene anautulukira mzimu ankaunenawo. A Jafali pakati pa nyimbo ankatchula anthu: "A uje a ku Ntcheu ndakuonani! A ku Ntaja muli kuti?" Tangoganizani, munthu sabata yonse akukuitana kuti "hey wena" kuntchito ku Sandton, Loweruka n'kumva dzina lako ndi kwanu pasipika. Anthu ankabwerera zimenezo basi. Nyimbo zinali zongoperekeza.

Ndinang'amba kope langa la masamu, adadi akutchula mayina, ine ndikulemba. Koma panali kanthu kamodzi komwe sitinakaganize. A Jafali ankadziwa mabanja a anthu a ku Joni kuno. Adadi, munthu wa kwaya, ankadziwa a kumudzi.

Loweruka linafika. Atatchula Dedza, holo inagwedezeka mpaka malata. Adadi, mtima uli m'malo, anawonjezera ulemu: "A Mbewe ndakuonani! Moni kwa mayi a kunyumba, a Nabanda, ndi ana onse anayi!"

A Mbewe anauma mwendo uli m'mwamba. Amene ankavina nawo anali sisi Thandi wa ku Soweto.

"Ngubani uNabanda?" anakuwa sisi Thandi.

"Ndi asisteri anga, bebi," anatero a Mbewe.

"Ana anayi ndi asisteri ako?" anayankha mayi wina kumbuyo, ndipo wachitatu anamasulira zonse m'Chizulu mwaulere.

Nsapato inauluka. Adadi maso ali papepala langa, osaona kanthu, anapitiriza mndandanda. Ndinawerenga amuna pafupifupi handiredi akuthamangira panja kukayankha mafoni osalira. Mwina anali sikisi.

A Yusufu analemba kuti: "Watsopano uja ndi woopsa, osapitako." Ukwati wotsatira holo inadzaza mpaka kumsewu, azimayi ali kutsogolo, makutu tcheru. Maiki inakhala ya adadi.

Anayimba zaka seveni, ndipo tsiku lililonse anali "watsopano uja". Chaka chino, ine n'kumaliza matiriki, giredi thwelofu, msana wawavuta ndipo asiyira mnyamata wina wa ku Balaka. Zinthu zasintha. Masiku ano aliyense amatumiziratu pafoni dzina la mkazi woti atchulidwe, ena amatumiza kawiri kuti pasakhale ngozi.

Sabata yatha ndinakumana ndi a Mbewe parenki ya matakisi, akupukusa mutu. "Mwana iwe, woyimba anali abambo ako. Kamnyamata aka n'kongosewera."

Ndinawathokoza mwaulemu, n'kuwafunsa kuti a Nabanda ali bwanji. Anakwera takisi yolakwika.